Momwe mungasonkhere ndalama zothandizira mabanja a ku Haiti pakachitika chivomerezi

Pa 14 Ogasiti 2021, chivomerezi cha mphamvu ya 7.2 chinagwedeza kum'mwera kwa Haiti, dziko la ku Caribbean, mbali za mizinda ya Les Cayes ndi Jérémie, n'kupha anthu oposa 2,200. Patangodutsa masiku awiri kunafikanso namondwe Grace, anthu akugona panja. Apa n'kuti mabala a chivomerezi cha pa 12 Januwale 2010, chomwe chinagumula Port-au-Prince, likulu la dzikolo, asanapole. Ife kumpingo kwathu tinasonkha kangachepe nthawi imeneyo, ndiye ndati ndikuuzeni njira yake ngati nanunso mtima wakugundani.

Choyamba, musanatolere ngakhale kwacha imodzi, dziwani amene adzalandire ndalamazo ndi njira imene zidzadutse. Ambiri amayamba ndi kutolera, za kotumiza n'kumati tidzaona. Ayi ndithu, yambani ndi kumapeto. Sankhani bungwe lomwe lili kale ku Haiti. Ife tinasankha Partners In Health, yomwe kumeneko imatchedwa Zanmi Lasante, chifukwa ntchito zake timaziona ndi maso ku Neno kuno, komwe imadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo. Ponena kuti ndi omwe aja a ku Neno, anthu sanavute kupereka. Palinso bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières, komanso Fonkoze, bungwe la ku Haiti komweko lomwe limathandiza amayi akumidzi ndi ngongole zing'onozing'ono.

Kenako komiti: wapampando, mlembi, msungichuma, monga mwa nthawi zonse. Ndalama zisalowe pa nambala ya munthu mmodzi. Gulani buku la malisiti lokhala ndi kaboni, silidula, ndipo muziwerenga ndalama anthu atatu nthawi imodzi. Za pa Airtel Money ndi Mpamba kumbukirani kuti potapa amadulapo, choncho musamatape pang'onopang'ono, dikirani zichuluke.

Tsopano gawo limene linatisautsa: kutumiza. Makwacha anali m'manja, koma ku Haiti sangagwire ntchito, pamafunika madola, ndipo mukudziwa nokha mmene ndalama zakunja zimasowera kuno. Kubanki anatifunsa kalata ya mpingo, umboni woti bungwe lolandira lilipodi, ndi nambala zonse za akaunti yake. Titabweretsa, anati tidikire madola akapezeka. Ndalama zinakhala, kwacha ikutsika mphamvu, ndipo anthu anayamba kunong'onezana kuti komiti yadya. Zimenezi zimapweteka kwambiri kwa msungichuma yemwe sanakhudze ngakhale tambala.

Iyi ndi nthawi imene akamberembere amatulukira. Kunabwera bambo wina wovala bwino, wolankhula mokoma, nati ali ndi mbale wake ku Miami yemwe amadziwana ndi malo osungira ana amasiye ku Haiti, tingomupatsa makwachawo iye atumiza tsiku lomwelo, adulapo pang'ono chabe. Titamufunsa dzina la malowo ndi lisiti yomwe tidzalandire, anayamba kuzungulira nkhani. Munthu wotere musamupatse kanthu, ngakhale abwere ndi zithunzi za ana olira. Zithunzi zimenezo aliyense angathe kuzitenga pa Facebook. Chimodzimodzi ogulitsa madola pamsewu: mtengo wawo ndi wokwera, n'kuphwanya lamulo, ndiponso mulibe pepala loonetsa anthu.

Chofunika n'chakuti mupite kubanki poyambirira penipeni, mukafunse mapepala onse omwe adzafune ndi ndalama zomwe adzadule potumiza, ndipo muwauziretu osonkha kuti kutumiza kutha kuchedwa. Abale a mumpingo omwe ali ku Johannesburg kapena ku London musawavutitse kutumiza ndalama kuno kuti inu muzitumizenso kunja, n'kudulidwa kawiri. Apereke okha pa intaneti ndi khadi lawo la kubanki, akutumizireni lisiti pa WhatsApp, inu mulembe m'buku. Zathuzo zinapita pomaliza kudzera kubanki komweko, koma zochepa poyerekeza ndi mmene zikanakhalira zikanapita msanga.

Zovala ndi ufa musatolere. Ndikudziwa kuti amayi ambiri amafuna kupereka chitenje kapena bulangete, ndipo mtima umenewo ndi wabwino, koma kutumiza katundu mpaka ku Caribbean kumadya ndalama zoposa mtengo wa katunduyo. Ngati zabwera kale, zigulitseni ngati kaunjika pabwalo la tchalitchi, ndalamazo zilowe m'thumba.

Kutolera kwenikweniko mumakudziwa kale. Pepala Sande imagwira bwino, perekaniperekani ndi kwaya imakoka anthu, mandasi ndi thobwa pakhomo zimawonjezera. Mukafuna kuyenda ndawala mumsewu, dziwitsani apolisi ndi a khonsolo nthawi ikadalipo. Ikani tsiku lotsekera, osapitirira masabata ochepa, chifukwa nkhani ikachoka pa wailesi manja amauma.

Lisiti ya bungwe ikabwera, iwerengeni pamaso pa mpingo, imateni pa bolodi, ndi kuitumiza pa gulu la WhatsApp pamodzi ndi zonse zomwe banki inadula.