Mmene Mungaonere Timaselo ta Bénard mu Felempani

Nthambi ya sayansi yotchedwa non-equilibrium thermodynamics imafufuza zimene zimachitika m'chinthu chimene kutentha kukulowa mbali ina n'kumatulukira mbali ina, ndipo chitsanzo chake chodziwika kwambiri, timaselo ta Bénard timene timapangika m'mafuta otenthetsedwa kuchokera pansi, mungathe kuchiona m'khitchini mwanu momwemo.

Pezani felempani ya pansi posalala, mafuta ophikira ndi ufa wa sinamoni wongotsina ndi zala. Thiranimo mafutawo pang'ono chabe, kuya kwake kusapitirire mamilimita 2, kenako muwasakanize ndi ufawo kuti uzikusonyezani kumene akuyendera. Musatereke felempaniyo pambaula, chifukwa makala amatenthetsa malo ena kuposa ena, komanso mafuta akhoza kugwira moto. Ikhazikeni pamwamba pa poto wa madzi owira, muonetsetse kuti sinapendekeke, ndipo musatakase.

Poyamba simudzaona kanthu, popeza kutentha kumakwera mafutawo ali phee. Koma kusiyana kwa kutentha pakati pa mafuta apansi ndi apamwamba kukafika pamlingo wina wake, ufa uja umayamba kusonkhana m'timizere, ndipo pamwamba ponse pamagawika m'timaselo tofanana ndi zisa za njuchi, tambiri mwa ito ta mbali zisanu ndi imodzi. Yang'anitsitsani kaselo kamodzi mutaunika ndi tochi kuchokera m'mbali: mafuta otentha amatumphuka pakati, n'kuyenderera kunja, kenako amamira m'mphepete atazizirako. Ngati timaselo tatuluka tokhotakhota, nthawi zambiri vuto limakhala kuchuluka kwa mafuta.

Wasayansi wa ku France Henri Bénard anafotokoza timaseloti mu 1900, ndipo wasayansi wa ku Britain Lord Rayleigh anatiwerengera masamu mu 1916 poganiza kuti madzi ofunda amakwera chifukwa chopepuka. Patapita zaka kunadziwika kuti m'mafuta ochepa osavundikira ngati anuwa, chimene chimayendetsa kwambiri ndi kukokana kwa mafuta a pamwamba, kumene kumafooka pamalo otentha, motero mafutawo amakokedwera kumalo ozizirako.

Gawo lofunika koposa, m'kuona kwanga, ndi lomaliza: chotsani felempaniyo papoto, muiike patebulo. Pamene mafuta akuzizira mofanana, timaselo timafufutika, chifukwa dongosolo limeneli limakhalapo pokhapokha kutentha kukudutsa. Wasayansi wa ku Belgium Ilya Prigogine anatcha zinthu zotere dissipative structures, ndipo mu 1977 analandira mphoto ya Nobel ya chemistry chifukwa cha kafukufuku wake pankhaniyi. Mukaibwezera papoto, timaseloto timapangikanso, ngakhale kuti si pamalo enieni pamene tinali poyamba.