Kuika mawaya owongola mano muli wamkulu

Mwafunsa ngati pa zaka 34 mano opingasa angawongokebe. Inde achemwali, amawongoka, kungoti kwa akuluakulu zimachedwerapo.

Yambirani pa chipatala cha boma pa Kasungu pompa kuti dokotala wa mano akuoneni. Dzino lobooka limatidwe, chiseyeye chichire kaye. Apa musathamange ayi, chifukwa mawaya pa nkhama zodwala amagwedeza mano.

Kenako pitani ku Lilongwe kwa katswiri wowongola mano. Akajambula X-ray, n'kukuuzani ngati pali dzino lofunika kuzula kuti enawo apeze malo. Funsani mtengo wonse musanayambe, muwerengerenso thiransipoti, poti muzibwererako pakatha milungu 4 mpaka 8 kukakungitsa waya, mwina kwa zaka ziwiri.

Masiku oyamba mano amawawa, choncho dyani phala, nthochi ndi mbatata yophika. Nzimbe, chimanga chootcha ndi mtedza wokazinga muzisiye kaye, ngakhale n'zovuta kwathu kuno. Tsukani mkamwa mukangotha kudya.

Akachotsa mawaya adzakupatsani retainer, kachipangizo kovala mkamwa kogwira mano kuti asasunthe. Chonde muzivala monga akuuzirani, apo ayi mano amabwerera mwakale.