Mwana azolowere manja anu asanakwere ndege

Inu amene mumabwera kuno ku Chigwa cha Shire kudzatenga khanda kuti mukalilere kunja, kaya ndinu athu omwe okhala ku Johannesburg kapena ku Leeds, kaya ndinu ochokera maiko ena, nthawi yanu yambiri imathera pa mapepala. Sindikukudzudzulani. Chilolezo amapereka ndi Khoti Lalikulu potsatira Adoption of Children Act, a Social Welfare ayenera kulemba lipoti lawo, ndiye pali pasipoti ndi visa. Ambiri mukukumbukira kuti mu Epulo 2009 khoti linamukaniza Madonna kutenga Mercy James chifukwa sanali wokhala m'dziko muno, kenako mu Juni Khoti la Apilo linamulola. Oweruza angakupeputsireni nkhani yokhala m'dziko, koma khanda silimva zimenezo. Limafuna masabata, ndipo masabata amene mukudikira khotiwo ndi omwewo oti muziwathera pamphasa, osati ku loji ku Blantyre n'kumangotsika Thabwa Loweruka lokha.

Ine ndimalera ana amene amayi awo anatisiya pobereka, pa nyumba ina ya ana cha ku Ngabu, ndipo zimene ndilembe pano ndi zimene ndimauza aliyense wobwera.

Tsiku loyamba musamunyamule. Khalani pansi pafupi ndi mayi amene amamulera, muzicheza ndi mayiyo, mwana azikuonani ali pamiyendo yomwe anaizolowera. Akaona amake akuseka nanu, mawa lake adzakugwirani chala kapena kukoka ndolo zanu. Mwana wa miyezi 7 kapena 8 amayamba kuopa nkhope zachilendo, ndiye akakulirirani musakhumudwe. Kulirako kukutanthauza kuti anamamatirapo munthu, ndipo amene anamamatirapo kamodzi amadziwa kale njira yake. Amene amandidetsa nkhawa ine ndi uja amakwezera manja aliyense wolowa pageti, osayang'ana n'kumbuyo komwe. Alendo amati "ndi wochezeka bwanji!" koma nthawi zambiri ndi mwana amene wasinthidwa manja kwambiri moti sayembekeza kanthu kwa munthu mmodzi. Kafukufuku wa ku Bucharest, Romania, amene anayamba mu 2000, anapeza kuti ana ochotsedwa m'nyumba za ana amasiye n'kupita m'mabanja asanakwane zaka 2 ankamamatira owalera bwino kuposa amene anachedwa. Choncho mapepala musawazengereze.

Ntchito muzilanda imodziimodzi. Yambani ndi phala: mwana akhale pamiyendo ya mayi wake wa kale, sipuni mugwire ndinu. Pakapita masiku musinthane, akhale pa inu, mayiyo ali pambali. Funsani phala lake, ngati ndi Likuni Phala kapena la mgaiwa lothira nsinjiro, komanso kulimba kwake, chifukwa ana ena amalavula phala lamadzimadzi. Ngati akadali pa mkaka wa m'chitini, madzi ake akhale owiritsa, ndipo botolo musalitsamize papilo. Ligwireni nokha, mukumuyang'ana m'maso. Mukatha phala bwerani ku kusambitsa, kenako kugoneka. Kugoneka ndiye komaliza, chifukwa tulo mwana sapereka kwa munthu amene sanamukhulupirire.

Kubereka kumbuyo muphunzire ndithu, abambo omwe. Weramani, msana ukhale ngati tebulo, mukhazike mwana pamwamba pa chiuno miyendo ili uku ndi uku. Dzanja limodzi likhale pa matako ake, linalo likoke chitenje kuchokera pansi pa matako mpaka m'khosi. Nsonga imodzi idutse paphewa, inayo m'khwapa, mumange pachifuwa mfundo ziwiri. Musanaweramuke, lowetsani m'mphepete mwa nsalu pansi pa ntchafu zake, mapazi atuluke. Poyamba wina aime kumbuyo kwanu, mukhale pamwamba pa matiresi. Mukatero pitani mukasese kapena kuyenda mpaka pamjigo, chifukwa mwana wa kuno anazolowera kugona munthu akugwira ntchito. Khanda losalimba khosi lokha ndi limene muzilimanga kutsogolo, pachifuwa, monga amachitira kuchipatala ku wodi ya kangaroo, ya ana obadwa masiku osakwana.

Samalani ndi dzuwa lathu. Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu ndi ku Nsanje kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo mwana womangidwa masana amatuluka totupatupa ta thukuta m'khosi n'kuyamba kudana ndi msana wanu. Muzibereka m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Masana khalani naye pamthunzi ali ndi thewera lokha.

Mbereko yake yakale muipemphe, ndipo musaichape, ngakhale ikhale yofwifwa chotani. Mugulireni mayiyo chitenje chatsopano musinthane. M'ndege komanso usiku woyamba m'dziko lozizira, fungo la utsi, sopo ndi thukuta la m'nsaluyo ndi lokhalo limene adzalizindikire. Funsaninso chilankhulo chimene wakhala akumva, chifukwa kuno ena timamuyankhula Chimang'anja, ena Chisena. Jambulani pafoni mayi wake akumuimbira, muphunzire nyimboyo, ngakhale mawu anu akhale oipa. Dzina limene amatembenukira musalitaye. Ngati mukufuna kumupatsa lina, muziitana onse awiri pamodzi kwa kanthawi.

Kumene kumavuta a kwathu ndi kwa achibale. Mwambo wathu ndi woti mwana azidutsa m'manja mwa onse, ndipo mukakaniza amati kunja kwakusinthani. Komabe masabata oyambirira kudyetsa, kusambitsa ndi kutonthoza kukhale kwa inu awiri basi. Sipafunika mkangano. "Pepani azakhali, sewerani naye ali pamiyendo panga pompano, akadali mlendo kwa ine," ndipo azakhali ambiri amamva. Mukafika kunjako chitaninso chimodzimodzi ndi anzanu a kutchalitchi. Za chipinda chakechake iwalani kaye. Mwanayu sanagonepo yekha, ndiye kabedi kake kagundane ndi kanu, agone chagada, ndipo mukadali kuno akhale m'neti usiku uliwonse. Akalira nyamulani msanga. Zoti mumulekerere kuti azolowere si za mwana amene wangotaya munthu.

Anzanga olera, mawu ano ndi anu: mwana akalira ali m'manja mwa makolo atsopano, manja amayabwa, koma musathamange kukamulanda. Imani pamene akukuonani, muwauze chochita. Tsiku lonyamuka musazembere kuseri kwa nyumba. Mutsanzikeni, mumupereke ndi manja anu.

Kabuku ka kusikelo mutenge koyambirira, osati fotokope yokha, chifukwa dokotala wa kunja adzafuna kuona katemera amene analandira, kuyambira BCG (wa TB) mpaka wa chikuku wa pa miyezi 9, ndi mmene sikelo yakhala ikuyendera. Mwana akatentha thupi mutafika, ngakhale patapita masabata angapo, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo munene momveka kuti wachokera ku Chikwawa kapena ku Nsanje, dera la malungo, kuti amuyeze magazi. Madokotala a ku Leeds saganizira msanga za malungo ngati simunawauze.