Habu ya mountain bike ikayamba kugwedera, ikonzeni chonchi kapu isanadyeke

Ma mountain bike ambiri a kaunjika amafika girisi wa mu habu (chitsulo cha pakati pa wilo pomwe pamakoledwa masipoko) atauma kale, ndiye mvula ikangoyamba madzi ndi matope zimalowa mkati, posakhalitsa wilo layamba kugwedera kapena kulira ngati muli mchenga. Ambiri amangodontheza oyilo panja nkupitiriza kupalasa. Chonde musatero, chifukwa chimene chikudyeka mkatimo ndi kapu, kambale kachitsulo ka mkati mwa habu momwe mumazungulira timipira tachitsulo, ndipo pa habu zambiri kapuyo sichoka, ikangochita timaenje basi mugula habu ina ndi kulukitsanso masipoko onse, pamene koni (kachitsulo kopotera kamene kamapanikiza timipira mu kapu) ndi timipira ndi zinthu zotchipa.

Yambani ndi kuyesa. Nyamulani njinga, gwirani tayala mulikankhe uku ndi uku cham'mbali, mukamva kugogoda ndiye kuti makoni amasuka. Kenako chotsani wilo muzunguze ekiselo (chitsulo chodutsa pakati pa habu) ndi zala, ikuyenera kuyenda mosalala osati modukizadukiza.

Mufunika masipanala opyapyala a makoni, pa habu zambiri za Shimano ndi 13 kutsogolo, 15 kumbuyo, ndi 17 ya nati yakunja yotsekera. Sipanala wamba ndi yonenepa, siikwana pa koni. Pezaninso palafini, nsanza yoyera ndi girisi.

Ngati ndi wilo lakumbuyo chotsani kaye magiya, awa amafuna chida chakechake ndiye ngati mulibe okonza njinga akuchotserani. Masulani mbali imodzi yokha, ya kumanzere yopanda magiya, inayo muisiye momwe ilili kuti ekiselo isasunthe pa malo ake. Yalani nsalu pansi timipira tisagwere mu dothi, ndipo nati, mawashala ndi koni muzindandalike momwe zatulukira. Werengani timipirato, kawirikawiri kumbuyo timakhala 9 mbali iliyonse ta 1/4 inchi, kutsogolo 10 ta 3/16.

Tsukani zonse ndi palafini, pukutani, kenako yang'anani bwinobwino, apa ndiye pofunika kudekha. Tengani bolopeni muyendetse nsonga yake pa mzere umene timipira timadutsa pa koni ndi mu kapu, ikamakodwa ndiye kuti pakumbika. Koni yokumbika isintheni, musaipale ndi sandipepa, imabwereranso msanga. Timipira sinthani tonse nthawi imodzi, osasakaniza takale ndi tatsopano. Ekiselo igubuduzeni pa galasi kapena pa tebulo losalala, ikamadumpha yapindika. Izi zimachitika kwambiri pa njinga za filiwilo, magiya akumbuyo opotera pa habu aja, chifukwa timipira ta mbali ya magiya timakhala mkati kwambiri kutali ndi felemu ndiye kachigawo kotsalako kamanyamula katundu wonse kokha, a kabaza ndi onyamula matumba amalidziwa bwino vutoli, ekiselo imatha kuthyoka ndithu. Ngati mumanyamula zolemera, habu ya kaseti, ija magiya ake amangolowetsedwa osati kupotera, ndi imene imapirira.

Pobwezera, pakani girisi wokwanira mu kapu, mizani timipira mmenemo, lowetsani ekiselo, pota koni ndi zala mpaka ingokhudza, kenako igwireni ndi sipanala yopyapyala mukumanga nati yakunja. Mukamanga kwambiri timipira timakumba kapu, mukasiya logwedera timamenya kapu, ndiye mubwereza kangapo musanapeze pakati, osatopa. Ngati wilo ndi la quick release, lomangidwa ndi leva osati manati, siyani kugwedera pang'ono kwambiri, chifukwa mukatseka leva ekiselo imafinyika ndipo kugwederako kumatha. La manati lisagwedere nkomwe.

Pali vuto lina limene limandiopsa kuposa onse, mukupalasa koma mapedulo akungozungulira wilo osagwira, kapena likugwira nkuphonya. Mkati mwa freehub, chitsulo chimene magiya a kaseti amakhalapo, muli timano tating'ono tokankhidwa ndi sipuling'i, tikamatidwa ndi dzimbiri kapena girisi wolimba sitidzuka. Zikakuchitikirani mutaimirira pa mapedulo pa chitunda mutha kugwa moipa. Tsukani, muike oyilo wopepuka kapena girisi wofewa pang'ono chabe, sipuling'i ikathyoka sinthani. Ma freehub ambiri a Shimano satsegulidwa mosavuta, amasinthidwa onse.

Habu za ma bearing otsekedwa zilibe makoni, bearing ikayamba kulira mumangoichotsa, werengani nambala yolembedwa pa labala yake monga 6001 kapena 6902 mukagule yofanana. Polowetsa yatsopano kankhani mkombero wakunja wokha, mukamenya wamkati mwaiononga isanagwire ntchito.

Potsuka njinga pewani madzi a mphamvu a ku car wash pa habu, amadutsa malabala nkukankha girisi, ndowa ndi nsanza zikwanira. Ndipo ngati mwaoloka mtsinje habu nkumira, musadikire phokoso, itseguleni sabata yomweyo muikemo girisi watsopano.