Kugula Prado yakale yokwezedwa: muyambire pati?

Mwafunsa za Prado yoyendapo kale yomwe mwini wake anaikweza, n'kuiika matayala akuluakulu, winch (makina a chingwe okokera galimoto ikatitimira) ndi snorkel (paipi yokwezedwa yolowetsera mpweya mu injini). Chitani motere.

Yambani ndi mapepala mtima usanakopeke. Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zomwe zili mu blue book. Ena amasintha injini osakalembetsa ku Road Traffic, ndiye vutolo limadzagwera inu posintha umwini. Onaninso COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi umboni woti msonkho wa MRA unalipidwa.

Kenako pitani nayo kwa makaniko wanu, osati wa wogulitsayo. Ku Biwi ku Lilongwe alipo ambiri. Alowe kunsi. Galimoto yokwezedwa imadya ma CV joint (mfundo za zitsulo zozunguza matayala akutsogolo) ndi mabushi msanga, choncho aone ngati mphira zang'ambika n'kumataya girizi. Chasisi isakhale yowotcherera. Snorkel ija mwina n'chizindikiro choti inkawoloka mitsinje: atsegule diff (bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala), oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi analowa basi. Mawaya a winch akhale ndi chotetezera chake, osati ongomanga ndi tepi.

Mukatero kaiyeseni pa msewu wafumbi, ngati wopita ku Dzalanyama. Lowetsani 4L (giya yamphamvu yoyenda pang'onopang'ono) ndi diff lock (chokhomera diff kuti matayala azizungulira limodzi) kuti mumve ngati zikugwira. Pa tala musakhome diff lock. Matayala akulu amanamizanso mita: imaonetsa liwiro ndi makilomita ochepa kuposa enieni, mafutanso imamwa kwambiri.

Pokambirana mtengo, zowonjezerazo musazilipire ngati zatsopano. Zida zoyambirira zomwe anachotsa posintha galimotoyo ngati zilipo, mutenge. A inshuwalansi muwauze zonse zomwe zinasinthidwa musanasaine.