Zolankhula sizikumveka m'holo ya kanema: fufuzani motere

Vuto lake ndi ili: nyimbo ndi phokoso la mufilimu zikumveka bwino, koma mawu a anthu asowa, kapena akumveka ngati wolankhulayo wagwiridwa pakamwa. Zolankhula zambiri zimatulukira pa sipika yapakati, kuseri kwa sikirini, ndiye londolani njira imeneyo.

1. Yambirani pa purosesa, makina ogawa mawu a filimu ku masipika, monga Dolby CP750. Onani ngati format (kagawidwe ka mawu ku masipika) yasankhidwa yoyenera filimuyo, 5.1 kapena 7.1. Fader, chokwezera ndi kutsitsira mawu, ikhale pa 7.0.

2. Tumizani pink noise, phokoso loyesera masipika, ku sipika imodziimodzi. Yakumanzere, yapakati ndi yakumanja, iliyonse ipereke 85 dBC pa mita yoyezera kukula kwa phokoso mukayezera pamipando ya cham'mbuyo pang'ono kuchoka pakati pa holo.

3. Yapakati ikakhala chete, pitani pa ampulifaya yake, makina opatsa sipika mphamvu. Nyali ya protect ikayaka, ndiye kuti yatentha kapena mawaya a sipika agundana. Izimitseni, chotsani fumbi pa fani, onani mawayawo.

4. Ampulifaya ili chizimire, sinthanitsani zingwe zolowa mu ampulifaya za yakumanzere ndi yapakati, kenako iyatseni. Vuto likasamukira kumanzere, cholakwika chili ku purosesa kapena chingwe. Likakhalabe pakati, ndi ampulifaya kapena sipika.

5. Mawu obanika nthawi zambiri ndi diaphragm ya horn yomwe yapsa, kachiwiya konjenjemera ka mbali ya sipika yotulutsa mawu opyapyala. Chotsani mawaya, yezani diaphragm ndi multimeter, mita yoyezera zamagetsi: ya 8 ohm yabwino imawerenga pang'ono pansi pa 8, yopsa siwerenga kanthu. Musakweze fader pofuna kubisa vutoli, mungowononga masipika enawo.