Mukakumana ndi ng'azi ku Klipriviersberg

Anzanga okonda kukayenda ku Klipriviersberg, malo otetezedwa a zachilengedwe kum'mwera kwa Johannesburg, ng'azi muziifunafuna m'mawa nyengo yotentha, kuyambira Okutobala, ikamawothera dzuwa pamwala pafupi ndi madzi. Mu Juni ndi Julayi musadzivutitse, imabisala chifukwa cha chisanu.

Mukaiona, imani pomwepo. Nyonyomalani pang'onopang'ono kuti foni ilingane ndi maso ake; chithunzi chojambula mutaimirira chimangoonetsa msana basi. Gwiritsani ntchito zoom, musasendere. Dikirani itulutse lilime lake lamphanda lija, ndiye dinani. Ikafufuma pakhosi n'kuyamba kupemerera, bwererani m'mbuyo msanga. Mchira wake umakwapula ngati chikoti, ndipo imaluma. Musaitsekere njira yothawira kumadzi.

Zoti mwapeza ndiwo ziiwaleni, abale, kumeneku saloleza kugwira nyama.